Woimba wa ku Russia amene mayi anamuveka chitenje

Chimbale chija chinali chakuda, cholemera, chonunkha fumbi la m'kabati. Pachikuto pake panali mzimayi wa ku Russia, mapewa ali pamtunda, ndudu ili kuchala. Chinafika kwathu ku Rockingham, kutsidya kwa nyanja, chaka chimene mliri unatseketsa malire, ine ndili ku pulayimale.

Mayi ankagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba. Kumeneko kunali bambo wina wa ku Russia amene, alendo atangoletsedwa kudzawaona, analeka kudya. Ankaluma mano, supuni n'kubwerera yodzaza, thupi likutha. Mwana wawo wamkazi, amene anatsekeredwa ku Melbourne, ndiye anatumiza chimbalecho, kupempha kuti bambo ake achimve.

Amalume, amene ankapakira katundu ku Kewdale, anapeza galamafoni yakale n'kuikonza m'galaja. Iwo ndiwo anatiwerengera mbiri ya woimbayo pafoni. Anayambira m'malo omwera mowa, akuimba jazi pamene akuluakulu a dziko lake ankaipidwa nayo. Anakhala zaka osamveka, kenako anajambulanso, mawu atasasa kale.

"Nyimbo za kubala m'nyumba mwanga ayi, achimwene," anatero mayi, poti anali a Mvano.

Amalume anaseka. "Nanga Davide ankaimbira Sauli za m'buku la nyimbo, achemwali?"

Mayi anatenga lumo, n'kudula kansalu ka chitenje, n'kukamata pamapewa a woimbayo mpaka ndudu yomwe inabisika. "Kwa akuluakulu akalowe atavala," anatero. Atatero m'pamene analola amalume kutsitsa singano. Kunayamba kuthetheka ngati mafuta m'chiwaya, kenako lipenga lotopa, kenako mawu okhuthala, a munthu amene walira n'kusukusula. Sindinatolepo liwu ndi limodzi lomwe, koma ndinasiya kutafuna.

Masiku amenewo ndinkayesa kuti chifundo cha Ambuye chimatulukira pakhomo la tchalitchi pokha. Ndinali ndisanaganizire bwino za mneneri uja amene anadyetsedwa ndi akhwangwala.

Mawa lake mayi anapukuta zonse ndi mankhwala, n'kupita nazo kuntchito. Lamulo la pakhomo linali lakuti akaweruka asakhudze munthu, asalankhule zambiri, ayambe alowa m'bafa. Tsiku limenelo anafuula ali pakhonde, nsapato zili m'manja: "Adya! Achimwene, adya!" Nkhalamba ija akuti inayamba kugogoda chala pabedi, n'kutsegula pakamwa kuti iyimbe nawo, mayi n'kulowetsapo supuni. Phala linatha theka la mbale, mwiniwake akukodola kuti atembenuze chimbale.

Mayi anagwada pakhonde pomwepo, yunifolomu ili m'thupi, akuyamika, misozi ili chuchuchu. Ine ndinaima patali monga anatilamulira, ndikudabwa kuti munthu angalirire bwanji phala la bambo a eni. Sindinkadziwa kuti bambo awo a mayi, agogo anga, ku Ntcheu nawonso anali gone pamphasa, ndege zitaima, akumwetsedwa phala ndi mwana wa munthu wina.