Matemba a M'nyimbo Yanga

Masiku amenewo wailesi yakanema tinkangoimvera mbiri. Tinali ndi wailesi ya mawu okha, ndipo ine, ndili mphunzitsi ku Nselema, ndinkalemba timasewero ndi nyimbo za pulogalamu ya ana asukulu. Sindibisa, ntchitoyo ndinkaitha. Nyimbo yanga ikaulutsidwa m'mawa, madzulo unkaimva kuchigayo.

M'kalasi mwanga munali kamtsikana, mwana wa a Shehe. Kuti kayambe sukulu ndinachita kutha nsapato ndi maulendo a kwawo. Makolo ambiri achisilamu ankaopa kuti kusukulu ana awo akawazoloweza za haramu. A Shehe anavomera nditalonjeza kuti zoterozo mwana wawo sadzazimva kwa ife.

Chaka chimenecho ndinapeka nyimbo ya zakudya za magulu atatu. Pa zomanga thupi ndinaikapo nyemba, mazira ndi matemba a ku nyanja ya Chiuta. Tsiku lojambula ndinakwera sitima pa Balaka kuti ndikamve ndekha. Nditalowa m'chipinda chojambulira ku nyumba ya wailesi, ndinapeza ana a kwaya akuyeserera, koma pamene ndinalemba matemba ankaimbapo nkhumba.

Ndinafunsa mkulu wophunzitsa kwayayo. Anati matemba ndi ndiwo za amphawi, ndipo nkhumba ikumveka bwino pakamwa.

"Iyayi bwana," ndinatero. "Kwathu wailesi timaiika patebulo, ana onse n'kumaimba motsatira. Mukufuna mwana wa a Shehe aziimba kuti adye nkhumba? Mawa lake kalasi langa likhala la mabenchi okha."

"Aphunzitsi, mwabwera kudzatiphunzitsa ntchito?"

Nthawi imeneyo kuyankha wamkulu sikunali masewera. Munthu ankatha kukutchula wosamvera, ntchito n'kuthera pomwepo. Mantha ndinali nawo, koma nyimboyo inali yanga. Ndinapempha kuti ana aimbe kawiri, poyamba ndi nkhumba, kenako ndi matemba. Pa matembapo anawo anayamba okha kuwomba m'manja, chifukwa mawuwo ndinawayeza kuti agwere pa ng'oma. Mkuluyo anang'ung'udza, n'kukweza dzanja kuti ajambule.

Tsiku loulutsa, ndikutchera wailesi m'kalasi, ndinaona a Shehe ataima pawindo, chikofiya kumutu, manja kumbuyo. Anali atamva kumsika kuti ana aimba za zakudya, ndiye anabwera kudzadzimvera. Nyimbo inayamba. Mwana wawo ankaimba mokweza kuposa anzake onse, osadziwa kuti bambo ake ali kumbuyo kwake.

Itatha ndinatuluka kukawapatsa moni. Sanayamikire, sanamwetulire. Anangofunsa ngati pabenchi lakutsogolo malo analipobe.

"Alipo, a Shehe."

"Mawa abwera ndi mng'ono wake."