Dzanja Limodzi M'thumba

Malume, lero ndimayeza magetsi a jenereta ya tchalitchi chathu ku Chiparamba, n'kukukumbukirani. Sindibisa, nkhawa ndinali nayo: mavoti, muyeso wa mphamvu ya magetsi, akanakhala okwera, kiyibodi yatsopano ya kwaya ikanapsera m'manja mwanga.

Mukukumbukira tsiku lija kuchigayo ku Kasenengwa, mukundiphunzitsa malitimita, mita yoyezera magetsi? Munaitchera pa AC, n'kupanira waya wakuda pamalo pake, kenako munati, "Wofiirayo gwira ndi dzanja limodzi, linalo pisa m'thumba, magetsi angadutse pamtima." Ine ndinati, "M'thumba, pamaso pa akuluakulu?" Munaseka: "Mphwanga, magetsi sadziwa ulemu."

Lero mita yaonetsa mavoti 230 ndi liwiro la magetsi la mahetsi 50, monga munkafunira. Ndalumikiza kiyibodi, kwaya n'kuyamba nyimbo. Usani mumtendere wa Ambuye, malume.