Benchi Loyamba Pansi pa Mkuyu

Pa nkhani yonenerera mtengo, panalibe munthu wondigonjetsa m'Chiradzulu muno, kuyambira kwa Kadewere mpaka kwa Nchema. Ndinkanena zimenezi poyera, ndipo wotsutsa ndinkamuuza kuti abwere ndi katundu wake tiyesane. Ndinagulapo njinga kwa munthu amene anangobwera kudzapopetsa tayala, ndipo pochoka wapansi anandithokoza. Pakamwa ndiye panali munda wanga, poti munda weniweni ndinalibe. Ndine mkamwini. Nyumba imene ndimagonamo ili pa dothi la kwawo kwa mayi a kunyumba, nthochi za kuseri ndi zawo, ngakhale mbuzi zimene ndinagula ndekha zimandiyang'ana ngati mlendo wochedwa kutsazika.

Chinthu chimodzi chokha chinali changachanga: benchi loyamba pa siteji, pansi pa mkuyu, pa msewu wopita ku Nguludi. Pamenepo ndinkagulitsa madengu, malichero, nsengwa ndi mphasa zimene ndinkakapikula kwa oluka a kwa Nchema. Malo a pa siteji alibe pepala. Mwini wake ndi amene amasesapo m'mawa uliwonse, ndipo ine ndinayamba kusesapo zipani zambiri zitangobwera kumene, nthawi imene aliyense anasanduka wa geni. Minibasi ikaima, chitseko chake chinkatsegukira pa ine. Munthu asanawongole n'komwe miyendo, anali atagwira kale lichero langa. Benchi lachiwiri linkadya zotsala, lachitatu linkadya fumbi.

Alamu anga, achimwene awo a mayi a kunyumba, ankagulitsa katundu yemweyo, koma m'kanyumba ka malata kuseri kwa chigayo, kumene kumafika munthu wosochera kapena wofuna pobisala kuti ataye madzi. Madzulo akamadutsa pa benchi langa sindinkawasiya.

"Alamu, lero mwaona munthu, kapena munangocheza ndi nkhuku za pa chigayo?"

"Sekani, akamwini," ankayankha osaima. "Mkuyuwo munaupeza."

Zinayamba ndi mayi wina wa galimoto yakeyake, mwini malo ogona alendo ku Blantyre. Zinali zaka zija mafoni am'manja atayamba kulira m'matumba mwa aphunzitsi ndi anamwino. Mayiyo anagula mphasa zingapo, ndipo ndikuwamangira anati, "Ndafufuza katundu wotereyu pa intaneti mpaka kutopa. Anzanga a maloji ndi azungu a m'mabungwe amamufunanso. Bwanji inu simuli pa intaneti?"

Ndinagwedeza mutu ngati munthu amene wangoiwala kulembetsa. Mlungu womwewo ndinakwera minibasi ya ku Limbe, dengu limodzi lili pamiyendo.

Anthu anandilozera chipinda chopapatiza pamwamba pa sitolo ya nsalu. Munali makompyuta ondandalikana kukhoma, ndi kutentha konga kwa m'khitchini. Mwini wake anali bambo wonenepa, wa tayi lothera pamwamba pa mchombo. Anandikhazika pampando nandifotokozera.

"Pa intaneti pali makina ofufuzira, bwana. Munthu amalemba chimene akufuna, makinawo amamuikira masamba a ogulitsa mumzere. Tsamba limene lili pamwamba ndi limene amatsegula. Amene ali pansi..."

"Amadya fumbi," ndinawamalizira. "Ndiye kuti ndi siteji."

"Siteji ya dziko lonse."

Apo ndinadziwa kuti ndafika kwathu. Ndinawauza kuti ndikufuna tsamba, ndipo likhale benchi loyamba. Iwo anatchula mtengo. Ine ndinachita zimene ndakhala ndikuchita moyo wanga wonse: ndinaseka, ndinavala chipewa, ndinanyamula dengu ndi kuyamba kutsika masitepe pang'onopang'ono, khutu lili kumbuyo. Anandiitana. Ndinabwerera, tinayambiranso. Ndinadandaula za feteleza, za maliro a kumudzi, za nsapato yanga yong'ambika imene ndinkasungira ntchito ngati imeneyi. Ndinatsikanso masitepe, anandiitananso.

Koma bambo aja anali ndi kachitidwe kawo. Akatsitsa mtengo, ankachotsako kanthu. Poyamba anachotsa zobwera ku Chiradzulu kudzandijambula pa benchi langa. Anangojambula dengu lija pa tebulo pawo. Ndinati zili bwino, nkhope yanga si ya malonda. Kenaka anachotsa zolandira mauthenga a ogula m'malo mwanga, poti foni ndinalibe. Ndinati wofuna dengu amabwera ndi miyendo. Pomaliza anati, "Pa mtengo umenewu, kusintha mawu pambuyo pake mulibemo. Mawu achinsinsi otsegulira tsamba akhala ndi ine."

"Ndidzasinthenso chiyani? Dengu ndi dengu."

Atafunsa mitengo kuti alembe, ndinakana. Mtengo sulembedwa, umabadwira pa nkhope ya wogula: wa nsapato zopolisha ali ndi wake, wa patapata ali ndi wake. Atafunsa dzina langa, ndinakananso. Munthu wanzeru saika dzina lake pamene dziko lonse likuona. A msonkho nawonso amawerenga, ndipo abale a kuchikamwini akangomva kuti dzina lako lafika ku Ulaya, ana onse odwala m'mudzimo amakhala ako. Sindikunena za aja oyenda usiku ndi kaduka.

"Nanga akupezani bwanji?" anafunsa.

"Monga amandipezera onse. Lembani kuti akatsike pa siteji yathu, pa msewu wa ku Nguludi. Benchi loyamba, pansi pa mkuyu."

Analemba m'Chizungu, ndipo atandimasulira ndinaseka. Mawu oti dengu, Malawi, Chiradzulu, zoluka pamanja, zotsika mtengo, anawabwereza mpaka tsamba lonse linkamveka ngati woitanira minibasi. Anati makinawo amakonda zimenezo. Anatinso apempha eni masamba ena kuti azitchula tsamba langa, chifukwa makinawo sakhulupirira munthu wopanda omuchitira umboni.

"Ngati ukwati," ndinatero. "Popanda ankhoswe ndi chibwenzi chabe."

Pomaliza ndinatsika masitepe aja ndili wonyada. Ndinali nditameta munthu wa tayi, m'tauni mwake momwe.

Patapita milungu ingapo ndinabwererako kukaona. Bambo aja analemba mawu oti madengu ndi Chiradzulu, ndipo makina ataganiza nthawi yaitali ngati chigayo chodikira magetsi, dengu langa linatulukira pamwamba penipeni. M'munsi mwake munali tsamba lonena za phiri, ndi lina lonena za mvula. Sindinadzifunse kuti mpikisano wothamanga wekha ndi mpikisano wanji. Ndinangoona kuti ndaposa phiri.

M'minibasi pobwerera ndi mmene nzeru zinandichulukira. Munthu amene ali woyamba pa siteji ya dziko lonse angamakhalenso pa fumbi, n'kumathamangitsana ndi mbuzi zodya mphasa? Ogula a magalimoto amafuna ofesi, pamthunzi, pamene pali chitseko ndi mpando. Ndipo ofesi ndinkaidziwa pamene inali: kanyumba ka malata ka alamu anga.

Ndinawapeza akuthamangitsa nkhuku m'madengu.

"Alamu, ndakumverani chisoni. Tisinthane. Inu mutenge benchi, ine nditenge kakhola kanuka."

Anandiyang'ana. "Mwadwala, akamwini?"

"Ndakwera. Ogula anga tsopano azichokera pa intaneti."

Alamu anayamba kukanakana, akuti kanyumbako anamanga ndi thukuta lawo, akuti dzuwa la pa siteji limawapweteka mutu. Ine ndinanenerera mwaluso langa lonse mpaka anavomera kusiya loko, mashelefu, ndi tambala mmodzi wa banyira. Tinamaliza masana, pamaso pa amayi ogulitsa tomato ndi akulu oyang'anira msika. Mwambo wa pa siteji pathu ndi woti wosiya malo amapereka tsache lake m'manja mwa wolowapo, anthu akuona. Ndinapereka tsache ndi dzanja limodzi, lina litanyamula tambala.

Mayi a kunyumba atamva anasiya kusenda nandolo.

"Mwapereka tsache kwa achimwene?"

"Ndapeza ofesi."

"Munthu wopanda munda sapereka tsache, bambo."

Tambala uja tinamudya Lamulungu.

Musaganize kuti ndinali nditaiwala zimene zinalembedwa pa tsamba paja. Ndinali ndi pulani. Ndinalembetsa kathabwa kokhala ndi muvi wolozera kuseri kwa chigayo, n'kukakhomera pa mkuyu. M'mawa mwake ndinapeza alamu atapachika mphasa yaikulu pa msomali womwewo, kathabwa katabisika konse.

"Msomali wabwino uwu, akamwini. Mwandithandiza."

"Chotsani mphasayo."

"Pamalo panga?"

Amayi a tomato anati zoona, mthunzi wa mkuyu umatsata benchi, ndipo thunthu limatsata mthunzi.

Magalimoto anayamba kubwera. Sanali ambiri, mwina imodzi pa mlungu, nthawi zina mwezi kutha osaona kanthu. Koma galimoto imodzi yotero inkanyamula katundu amene okwera minibasi sangamalize nyengo yonse yokolola. Ine ndinkaonera ndili pakhomo pa ofesi yanga, nsidze zitayera ndi ufa wa pa chigayo. Tsiku lina inaima galimoto yoyera, ya mlongoti wautali, ndipo ndinathamanga. Ndinafika dalaivala akufunsa alamu kuti, "Kodi a pa intaneti aja ndi inu?"

"Ndife amene, bwana," anatero alamu, akupukuta benchi ndi chipewa. "Tinalowa kalekale." Munthu amene mpaka tsiku limenelo ankaganiza kuti intaneti ndi bungwe logawa mbewu.

"Wa pa intaneti ndine," ndinatero ndili wefuwefu. "Tsambalo ndi langa."

Dalaivala anandiyang'ana kuyambira ku nsidze mpaka ku nsapato, kenaka anayang'ana mkuyu, nayang'ana benchi. "Bwana wanga anandiuza benchi loyamba pansi pa mtengo. Dzina lanu lilipo pa tsambapo?"

Mayi mmodzi wa tomato anayankha m'malo mwanga. "Analibisa kuopa afiti."

Siteji yonse inaseka, mpaka kondakitala wa minibasi imene inangoima kumene, wosadziwa n'komwe nkhani.

Ndinakweranso minibasi ya ku Limbe kuti akasinthe mzere umodzi wokha. Bambo a tayi anandikumbutsa mwaulemu kuti zosintha ndinazichotsa ndekha, ndipo anatchula mtengo watsopano. Ine, mwachizolowezi, ndinaseka, ndinavala chipewa, ndinayamba kutsika masitepe. Ndinatsika pang'onopang'ono. Ndinaima pakati kumanga chingwe cha nsapato chimene chinali chomanga kale. Ndinafika pansi, ndinayang'ana nsalu za m'sitolo ngati ndikufuna kugula. Palibe anandiitana. Ndinadziuza kuti ndiwasiye kaye, adzafewa. Nditabwererako mwezi wotsatira ndinapeza amayi akuotcha tsitsi m'chipinda muja. Anati bambo a makompyuta anapita ku Joni. Mawu achinsinsi anapita nawo m'mutu mwawo.

Ndinayesa kulawirira ndi tsache latsopano kuti ndikasese pansi pa mkuyu, koma ndinapeza posesasesa, mizere ya tsache langa lakale ikuoneka pa dothi. Ndiye ndinapita kwa alamu mwamtendere kuti tibwezerane. Ndinati ndiwabwezera kanyumba, loko, mashelefu, ndi atambala awiri. Iwo anaseka. Kenaka anavala chipewa, nayamba kuyenda pang'onopang'ono kulowera ku chigayo, khutu lili kumbuyo. Ndinazindikira kayendedweko. Ndinaluma mano, koma pakamwa panandipereka.

"Alamu, tabwerani kaye."

Anabwerera akumwetulira. "Ndimafuna ndingomva mmene zimakomera kuitanidwa. Benchi silikugulitsidwa, akamwini."

Benchilo sindinalipezenso. Chimene chinachitika ndi china. Ogula a magalimoto ankafuna katundu wambiri nthawi imodzi, ndipo alamu analibe posungira, poti mvula ya pansi pa mkuyu sisankha mphasa. Oluka a kwa Nchema nawonso anazolowera ine, ndipo alamu sakonda kupalasa njinga pa zitunda. Mpaka lero amapikula kwa ine, m'kanyumba kawo kakale, ndipo ndimawameta bwinobwino, chibale chili apo. Mphasa zanga sizinyowa, ndipo dzuwa silindipeza. Tsamba lija linadzazimirira lokha patapita zaka, popanda wolilipirira, koma madalaivala anali atadziwa kale njira ya pa mkuyu ndipo amauzana okhaokha.

Alamu anagula foni ine ndisanagule. Pa maliro, anthu amawapatsa mpando n'kumanong'onezana kuti awo ndi aja a pa intaneti. Minibasi ikaima, chitseko chimatsegukira pa iwo, ndipo tsiku lonse amacheza ndi nkhope zatsopano, kuzipatsa mitengo monga ndinkachitira ine. Ine wogula wanga ndi mmodzi, ndipo machenjera anga onse amawadziwa, ndikangogwira chipewa amati, "Khalani pansi, akamwini, kuno kulibe masitepe." Madzulo akamadutsa pa ofesi yanga amasuzumira pakhomo.

"Lero mwaona munthu, kapena munangocheza ndi nkhuku?"

Mayi a kunyumba amati onse awiri ndife ofanana, ndipo sanena zimenezi moyamikira. Ine ndimati phindu la dengu lililonse limayamba kudutsa m'manja mwanga lisanafike pa mkuyu. Alamu amati ndidye phindulo, iwo ali ndi tsache. Inu amene mulibe mbali pa nkhaniyi, tandiuzani: pa malonda amene aja, anameta mnzake ndani?