Mangoye ndi Sofa ya Amayi

Kwathu ku Iminyela, mumzinda wa Bulawayo, kunali mpando umodzi womwe ana sitinkaloledwa kukhalapo: sofa ya amayi. Inali yobiriwira, ya nsalu yokhuthala, ndipo ife tinkangoiyang'ana tili pansi, pasimenti yofiira ndi polishi. Koma mphaka wanga analibe nazo ntchito za malamulo. Ndinamutola ali kamwana m'ngalande pafupi ndi njanji, ndipo anzanga anamutcha Mangoye, dzina lomwe m'Chindebele limangotanthauza mphaka basi. Abambo, omwe ankasungunula zitsulo pafakitale ina ku Donnington, anamulekerera chifukwa makoswe anatha m'nyumba.

Loweruka lina tinkayembekezera alendo. Achemwali anga a Esinati anali atapeza mwamuna wa Chindebele, ndipo azakhali a mnyamatayo ankabwera masana kudzaona banja lomwe mwana wawo ankafuna kukwatirako. Amayi anakonzekera sabata yonse. Ankadziwa zomwe anthu ena ankanena za ife, ana a anthu obwera a ku Nyasalandi, ndipo sankafuna kuti mlendo atuluke m'nyumba mwawo ndi nkhani.

M'mawa titatsegula chitseko cha pabalaza, fungo linatilonjera. Amene sanamvepo mkodzo wa mphaka wamphongo sangamvetse. Umalasa m'mphuno, n'kutsikira kukhosi, maso n'kulengeza misozi. Khushoni yapakati inali itanyowa, ndipo mkodzo wina unali utayenderera mpaka pansi.

Abambo sanakalipe. Anangoti, "Alendo akalimva fungo ili, mphaka ameneyu alowa m'saka." Atatero anavala chipewa n'kupita kukatenga amalume, omwe anali nkhoswe yathu. Ine ndinkadziwa kuti saka la abambo likapita kutchire limabwerako lopanda kanthu.

Achemwali, misozi ili mbwee, anathamangira perefyumu wawo n'kupopera sofa yonse. Zinangoipiraipira. Pabalaza panayamba kumveka ngati wina wataya maluwa m'chimbudzi. Amayi anawalanda botololo. "Fungo saphimba, mwanawe, amachotsa," anatero. Kenaka anatembenukira kwa ine. "Ndaziona, mphaka ndi wako. Manga chitenje."

Tsikulo m'mipope munali gwa, monga zimakhalira ku Bulawayo, choncho tinatunga madzi osungira m'dramu. Ndinafuna kuwatereka pamoto, koma amayi anandiletsa, ati madzi otentha amaphikira fungo m'nsalu. Anandipatsa nsanza zakale n'kundiuza kuti ndisapukute, ndizingodinikiza ndi mphamvu kuti nsanza zimwe. Ndinapondapo ndi mawondo, kusintha nsanza, kupondanso. Kenaka tinathira viniga wosungunula ndi madzi, n'kudinikizanso, n'kuwaza soda yophikira mpaka khushoni inayera mbuu. Tinaiyanika padenga la khola la nkhuku, padzuwa loswa mtengo.

Pansi mpomwe panandikhaulitsa. Mkodzo unali utalowa pansi pa polishi, ndiye ndinapala polishi yense wa pamalopo ndi kampeni kobuntha, kutsuka ndi viniga, kudikira paume, kupakanso polishi watsopano, n'kukwecha ndi burashi mpaka mawondo anga anafiira kuposa simentiyo. Ndinanunkhiza kambirimbiri mpaka mphuno inasiya kumva kanthu. Amayi ankandituma panja kuti ndikafikise masamba a mandimu m'manja, ndinunkhize, kenaka ndilowenso ngati mlendo. Ndikalowa ndinkati latha, iwo akalowa ankati lilipo. Mangoye tinamutsekera m'kashedi ka nkhuni, komwe ankalira ngati wolakwiridwa.

Alendo atafika, khushoni inali itakung'unthidwa n'kubwezeredwa pamalo pake, ikadali yofunda ndi dzuwa. Azakhali aja, MaDube, anali mayi wathupi, wosaseka msanga. Mipando inalipo yambiri, koma iwo analunjika pakhushoni yapakati pomwepo. Ndinagwada patsogolo pawo ndi beseni la madzi osamba m'manja, ndipo ndinawaona akukoka mpweya wautali, mphuno ikugwedera.

Nthawi yomweyo china chake chinandikhudza mwendo. Anali Mangoye. Mmene anatulukira m'kashedi muja sindidziwa mpaka lero. Anadutsa pakati pa miyendo ya amalume, mchira uli m'mwamba, n'kudumphira pamiyendo pa MaDube. Amayi anatseka maso. Abambo anandiyang'ana.

"Hawu, umangoye omuhle!" anatero MaDube, kutanthauza kuti mphaka wokongola, ndipo nkhope yawo yonse inamasuka. Anamukanda kuseri kwa khutu, n'kuyamba kufotokoza za amphaka awo omwe anawanunkhitsira mipando mpaka anaitulutsa panja. Anayang'ana pansi ponyezimira paja n'kuuza amayi kuti nyumba yokhala ndi mphaka koma yaukhondo chonchi, mwana wochokeramo safunika kumufunsa zambiri.

Amayi anaseka mokweza kuposa mmene nkhaniyo inkasekeretsera, achemwali anathawira kukhitchini kukalira kulira kwina, ndipo abambo anakhosomola n'kufunsa ngati tiyi wapsa. Madzulo ake ndinawaona abambowo akuponyera Mangoye mutu wa nkhuku mwakachetechete, akuyesa palibe akuwaona.

Lero ndimakhala ku Nkulumane, m'nyumba ya matailosi osamwa kanthu. M'masitolo muli mabotolo a mankhwala opopera, olembedwa kuti amachotsa fungo la ziweto, ndipo galu wa ana anga amagona pampando uliwonse womwe wafuna. Ndikamukalipira m'Chichewa, anawo amamuikira kumbuyo m'Chindebele. Savutika mtima ndi zomwe mlendo akaganize za mtundu wawo, ndipo ndimathokoza kuti mantha amenewo anathera pa ife. Akandifunsa kuti amayi awo aakulu anakwatiwa bwanji, ndimawauza zoona: ankhoswe analipo ndithu, koma amene anamanga ukwatiwo ndi mphaka.