Mimba Yanga ya Chaka cha Njala

Chizindikiro choyamba chinali siketi. Munali mu Marichi 2008, ndikukonzekera kupita kutchalitchi, pamene zipi ya siketi yanga yakuda inakana kukwera. Ndinaikoka, ndinabweza mimba mkati, ndinaipaka ngakhale kandulo, koma inaima pakati osasuntha. Ndinangophimba ndi bulauzi n'kumapita.

Chaka chimenecho munthu sankanenepa. M'masitolo a ku Chipinge munali mashelefu okhaokha, ndipo pa esiteti ya tiyi pomwe ndimagwira ntchito yoyeza masamba pa sikelo, amuna ankaboola mabowo atsopano m'malamba awo. Aliyense akuonda, ine ndekha mimba ikutsogola. Ndinali nditadutsa zaka makumi atatu, wosakwatiwa, wopanda mwana, wopanda ngakhale mwamuna wondinamiza. Makolo athu ochokera ku Thyolo akananditchula mbeta, dzina loti munthu angathe kulivula tsiku lina. Kuno kukomboni ya antchito amatchula m'Chishona kuti tsikombi, kutanthauza mkazi amene nthawi yake inamudutsa.

Panali zizindikiro zina zomwe sindinauze munthu. Msambo unkabwera wambiri, wa magazi oundana, n'kutenga masiku ochuluka kuposa kale. Thonje linali litasowa m'masitolo, choncho ndinang'amba zitenje zakale mpaka zinatha. Ndinkataya madzi pafupipafupi. Ndikagona chagada ndinkamva chinthu cholimba pansi pa mchombo, ngati papaya losapsa. Ndikakwera kamtunda kopita kufakitale, mtima unkagunda mpaka m'makutu.

Pofika mu Juni mphekesera inali itapsa. Mayi wina wothyola tiyi anapachika dengu lake pa sikelo, maso ali pamimba panga, n'kundifunira mafuno abwino m'Chishona.

"Makorokoto, Sisi Esinati! Kutibisira chonchi shuwa?"

Ndikanaseka n'kukana, nkhani ikanathera pomwepo. Koma ndinagwetsa nkhope ngati mkwatibwi, ndipo pofika madzulo komboni yonse inali itamva kuti tsikombi ya pa sikelo ili ndi pakati.

Ine ndinakondwa, ndipo sindibisa. Zaka zonsezi anthu ankafunsana kuti chinalakwika n'chiyani pa ine, tsopano ankafunsana kuti mwamunayo ndani. Anandisankhira okha: dalaivala wa thirakitala, mdikoni wina wofedwa mkazi, ndi bambo wina amene ankabwera ndi ufa ndi mafuta ophikira kuchokera ku Mozambique. Mkazi wa dalaivalayo anasiya kundipatsa moni. Chibadwire panalibe mkazi wapabanja amene anayamba wandiopapo, ndiye ndinayamba kuyenda ngati ndakwezedwa pantchito. Akuluakulu a mpingo anandiimitsa kuimba kwaya mpaka nkhani ioneke, ndipo chilangocho ndinachilandira ndi manja awiri. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Kuti si mwana ndinkadziwa bwino lomwe. Mwezi uliwonse ndinkadziuza kuti ndipita kukiliniki mwezi wamawa. Kuseri kwa kunyadako kunali mantha. Za ukwati ndinali nditayamba kutaya mtima, koma mwana ndinkamufunabe, ndipo ndinkaopa kukamva kuti chiberekero changa chili ndi vuto.

Mu Seputembala kunabwera azakhali anga, mlongo wa malemu bambo, amene amagulitsa tomato ku Gaza, komboni ya m'tauni ya Chipinge. Ife timawatchula kuti Tete. Mphekesera inali itawapeza pa kombi, minibasi ya kuno.

"Iwe Esinati, mwamunayo kaya ndi chidakwa, kaya ndi wamitala, bwera naye timuone. Nthawi yosankha inatithera kale."

Kenako anandiyang'anitsitsa, n'kundikoka chikope. Kuseka kunatha.

"Maiwe, maso ayera mbuu! Iwe ukudwala, mwana wa achimwene."

Ndinawauza kuti ndi njala chabe, monga aliyense.

Kumapeto kwa Novembala mvula inagwa, tiyi anaphuka, ndipo mzere wa madengu unatalika. Tsiku lina masana ndikuwerenga sikelo, manambala anayamba kuvina. Ndinatsitsimukira pa bedi la kukiliniki ya pa esiteti. Namwino anayeza mkodzo, anandisinika pamimba, n'kunena kuti mulibe mwana. Ndinamuyankha kuti ndimadziwa.

"Nanga mumadikira chiyani, Sisi? Kuti abadwe?"

Nthawi imeneyo zipatala zambiri zinalibe mankhwala, ndipo kolera anali atavuta m'dziko. Namwinoyo ananditumiza kuchipatala cha mishoni kufupi ndi nkhalango ya Chirinda. Ndinapita pa lole ya esiteti, Tete ali pambali panga ndi mtolo wa bulangeti, nyemba ndi kapoto.

Adokotala anandiunika pa makina. Anati ndi zotupa za m'chiberekero, zomwe akazi ambiri amakhala nazo, ndipo si khansa. Zanga zinali zambiri, chachikulu chofanana ndi mutu wa khanda. Magazi anali atachepa kwambiri moti opaleshoni sinkatheka msanga.

"Mukanabwera zili zazing'ono, tikanachotsa zotupa zokha," anatero adokotala. "Tiyesetsa, koma mwina tidzachotsa chiberekero chonse. Mukonzekeretse mtima."

Disembala yense ndinakhala m'chipatala kudikira kuti magazi achuluke. M'mawa uliwonse kunali pemphero, kenako namwino ankatiyeza kutentha kwa thupi ndi kuthamanga kwa magazi, n'kundipatsa mapiritsi ofiira owonjezera magazi. Tete ankaphika kukhitchini ya odikirira odwala, n'kumandikakamiza kudya bonongwe ndi chisoso ngati ndi nyama. Masana tinkaothera dzuwa pa udzu pamodzi ndi amayi oyembekezera. Iwowo ankandifunsa kuti yanga ndi ya miyezi ingati, ndipo apa tsopano funsolo silinkandikomeranso. Tsiku la opaleshoni linasinthidwa kangapo, pena chifukwa dizilo wa jenereta wachepa, pena chifukwa kwabwera mayi wofunika kuchitidwa opaleshoni mwadzidzidzi. Sindinadandaule, popeza amene anachedwa poyamba ndinali ine.

Anandichita opaleshoni mu Januwale 2009. Nditadzuka, adokotala anakhala pambali pa bedi n'kundiuza mosazungulira kuti zotupa zinali zitadzaza paliponse, ndipo chiberekero chachotsedwa. Ndinalira kwambiri, chilonda chikupweteka ndi kulira komweko. Tete, amene moyo wanga wonse ankandiimbira nyimbo ya ukwati ndi ana, anandipukuta nkhope ndi nsonga ya chitenje chawo.

"Tonthola. Ine kuno ndinabwera kudzatenga iwe, sindinabwere kudzatenga chiberekero."

Kuchira kunayenda pang'onopang'ono. Anamwino anandiyendetsa m'khonde mawa lake lomwe, nditapindika ngati nkhalamba. Atanditulutsa ndinakakhala kwa Tete ku Gaza, nditaletsedwa kunyamula ngakhale ndowa ya madzi, ndipo ndinabwerera kuntchito nyengo yozizira isanayambe.

Kukomboni ndinapeza nkhani yatsopano: ati ndinabereka n'kukasiya mwana kwa achibale. Ena ankati ndinachotsa. Lachinayi lina ndinapempha mpata pa msonkhano wa amayi kutchalitchi, ndinaimirira, n'kufotokoza zonse, kuyambira msambo mpaka opaleshoni. Ndinawauzanso kuti amuna atatu aja ndi osalakwa, ndipo akanakhala olakwa ndikanathokoza. Amayi anaseka mpaka misozi. Sabata yomweyo anandibwezera ku kwaya.

Patangopita masiku ochepa, akazi anayamba kundinong'oneza pa sikelo. Wina anali mtsikana wothyola tiyi, wosakwatiwa ngati ine, amene ankamanga mimba ndi nsalu poopa kunenedwa. Ndinamuperekeza ndekha kukiliniki. Zotupa zake zinali zikadali zazing'ono, ndipo anachotsa zokhazo. Patapita nthawi anabereka mwana wamkazi. Tsiku limene ndinamunyamula mwanayo ndinakondwa kuchokera pansi pa mtima, ndipo zinandipwetekanso, zonse nthawi imodzi.

Lero ndili bwino. Chizungulire chinatha, mtunda wa kufakitale ndimakwera ndikucheza, ndipo sindivutikanso ndi kubisa madontho a magazi pa siketi. Sindinakwatiwebe, komanso sindinafe nazo. Akazi anzanga, makamaka inu amene mulibe mwamuna woti akukakamizeni kupita kuchipatala: msambo ukachuluka, mimba ikalimba kapena kukula popanda chifukwa, musadikire kuti anthu amalize kukunenani. Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Anthu amene ankandinena aja onse ali ndi ana awo kunyumba. Ine sindidzabereka, ndipo adokotala anandiuza kuti ndikanafulumira zikanatheka.