Malangizo a pazenera la minibasi

Atandiitana ku intaviyu ya ukalaliki ku Dwangwa, anati ndikalankhule mwachidule pamaso pa mabwana za mmene ndingagwirire ntchitoyo. Ndinakapempha nzeru kwa amalume, omwe ankalalikira kutchalitchi kwathu mpaka ana kugona pamabenchi.

Sanandiyankhe pakhomo. Anati ndiwaperekeze kumsewu, poti ankapita kuboma. Tinadikira iwo akukamba za mpunga wawo, ine ndikudabwa kuti malangizowo abwera liti. Minibasi itafika anakwera n'kukhala pazenera. Kondakitala akumenya chitseko kuti azipita, iwo anasuzumira kunja.

"Tandiuza tsopano, akulemberenji ntchito iweyo?"

Ndinayamba ndi kuthokoza, kenako ndinatchula sukulu imene ndinaphunzira. Ndisanafike pamfundo, minibasi inanyamuka n'kundisiyira utsi.

Atabwerako anati, "Chimene ukanafuula ndisanapite, ukayambe ndi chimenecho. Zinazo akazifuna akafunsa okha."

Ndinakachitadi zomwezo, ndipo mabwana aja anaika mafoni awo pansi n'kumandimvetsera. Koma mutu sunasiye kundizungulira, mpaka ndinawafunsa amalumewo chifukwa chimene iwo safupikitsira chonchi ulaliki wawo Lamulungu.

Anaseka. "Mphwanga, tchalitchi chilibe matayala."