Chigoba Chimene Mayi Larade Sanachitchule Dzina

Mayi Euphémie Larade sankakonda anthu, ankangowadziwa. Zaka makumi atatu akusenda nkhanu m'fakitale ya padoko la Petit-Havre zinawasiyira zala zokhota ndi lilime lakuthwa. Amuna awo anamira ndi boti iwo ali ndi pakati pa Placide, mwana wawo yekhayo, ndipo kuchokera pamenepo ngakhale wansembe sanawaonepo mano.

Koma ikafika sabata ya Mi-Carême, pakati pa Lenti, khomo lawo ndilo linkayamba kutseguka. Anthu amavala zigoba kumaso ndi nsanza m'thupi n'kumayenda nyumba ndi nyumba, ndipo mwini nyumba ayenera kutchula dzina la aliyense. Wotchulidwa amavula chigoba, n'kukhala pansi, n'kudya maswiti. Wosatchulidwa savula, sakhala, amatuluka momwe walowera. M'midzi ina mwambowu unafa kalekale, kuno nyumba zotsegula zinatsala zisanu ndi ziwiri. Mayi Larade anali asanalepherepo dzina la munthu.

Léonie, mkazi wa Placide, ankagona m'chipinda cha kuseri ndi Odile, khanda la miyezi isanu ndi itatu. Léonie anabwera kudzakhala kuno Placide atam'thyola mkono, khoti n'kuletsa mwamunayo kum'yandikira. Apongozi anam'landira ndi mawu awiri okha: "Mwanayo ngwathu." Tsopano Placide ankagona m'shedi ya mnzake kudoko, akuuza aliyense kuti mwana wake adzam'tenga, khoti lifune lisafune.

"Amayi, chaka chino chokha titseke," anatero Léonie m'mawa wa tsiku loyamba.

"Titseke? Iwe, Angerezi anawalonga makolo athu m'zombo ngati nsomba zamchere, nyumba n'kuziotcha. Amene anabwerera anabwera ndi chiyani? Mbale? Anabwera ndi mwambo umenewu. Ndiye ndiutaye chifukwa cha kamtsikana konjenjemera ndi kamphepo?"

"Placide akhoza kulowa atavala chigoba."

"Ukanaganiza zimenezo usanakwatiwe naye. Pukuta makapuwo."

Ovala zigoba anayamba kufika dzuwa lisanalowe, chipale chofewa chili mbuu pamajombo. Anansi anakhala m'mbali mwa khoma, wa vayolini pafupi ndi zenera. Léonie anakhala pakona ya mbaula, mwana ali pachifuwa, maso ali ku mapazi a olowa. Pakhomopo panali thabwa limodzi lomasuka, ndipo aliyense akaliponda linkalira.

"Iwe Anselme, diresi la mkazi wako wavala, koma mimba yamowayo wailephera kubisa. Vula!"

Nyumba yonse inafa nacho chiseko.

"Uyu ndi Luce Haché. Fungo la anyezi limam'tsogolera ngati galu wake."

"Mfiti iwe, Euphémie!" anatero Luce, akuvula.

Kenaka analowa atatu. Thabwa linalira kamodzi, linalira kawiri. Wachitatu, wamtali, wa chigoba cha nkhalamba yopanda mano, ankatsimphina ndi ndodo, manja atabisa m'magolovesi. Zonse anasintha, mayendedwe ndi msinkhu womwe. Koma atafika pa thabwalo mwendo wake unalidumpha wokha, monga amachitira munthu amene anakulira m'nyumbamo.

Léonie anadziwa kuti ndi Placide. Akangotchulidwa, Placide avula, akhala pansi ngati mlendo pakati pa anzake, dzanja lake n'kufika pamene pali Odile. Anayang'ana apongozi. Nawonso maso awo anali pa thabwalo.

Awiri aja anawatchula mosavuta. Wachitatu anaima pakati pa nyumba, chigoba chitatembenukira kumbaula.

"Nanga uyu, Euphémie?" anafunsa wa vayolini. "Wakukanika?"

Mayi Larade anam'zungulira pang'onopang'ono. Anayang'ana mapewa, anayang'ana majombo.

"Sindikum'dziwa."

"Aaa, yesanso! Zaka zonsezi, lero ugonje?"

"Ndati sindikum'dziwa. M'mudzi muno ndimadziwa aliyense, ndi agalu omwe. Uyu sindinam'balepo, sindinam'wonepo. Mwambo mukuudziwa nonse."

Dzanja la munthuyo linakwera kukamasula chingwe cha chigoba. Anselme anadzuka, diresi lili lendelende, n'kuligwira dzanjalo ndi mphamvu ya munthu wokoka maukonde.

"Usavule, mzanga. Sunatchulidwe."

Asodzi ena awiri anaimirira pakati pa chigobacho ndi mbaula. Wa vayolini anayamba nyimbo yotulutsira alendo. Munthuyo anaima kanthawi, akupumira m'mwamba m'kati mwa chigobacho, kenaka anataya ndodo ija pansi n'kutuluka osatsimphinanso. Thabwa analiponda mwaukali mpaka linang'aluka.

Léonie anapeza kuti wam'finya Odile mpaka khandalo layamba kulira. Apongozi anadutsa pafupi naye atanyamula mbale ya maswiti.

"Zikomo, amayi," ananong'ona Léonie.

"Zikomo wa chiyani? Mawa mudzi wonse uziti Euphémie wakalamba, maso atha. Mbiri yanga wandiwonongera ndiwe." Anaika mbaleyo patebulo mwamphamvu. "Chotsa mwanayo pambaula, akupsa. Ndipo upeze choika pa thabwalo, kukubwera ena."

Chitseko anachisiya chotsegula.